Njoka Pansi pa Nyumba ya Rozina

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda a atsibweni anga, a Lusiyano Namakhwa, popeza patha chaka chimwalirireni. Tinali ochepa, oti minibasi imodzi sitinaidzaze n'komwe. Mmisiri wolemba pamwala anali atafunsa ngati tikufuna awonjezere mawu ena pansi pa dzina, monga ntchito imene malemuwo ankagwira. Mayi anga, omwe ndi mlongo wawo wa atsibweni, anayankha msanga kuti dzina ndi mtanda zakwana. Ine ndinkafuna alembe kuti anali wojambula, koma nditaona nkhope ya mayi ndinameza mawuwo. Kwathu za kujambula sitizitchula chisawawa kuyambira pamene Rozina anamwalira. Rozina anali mwana yekhayo wa atsibweni, msuweni wanga amene ndinakulira naye limodzi, ndipo mpaka lero alipo achibale amene amakhulupirira kuti anaphedwa ndi chithunzi chimene bambo ake anajambula.

Sindikulemba kuti ndiwayeretse. Mlandu anali nawo, koma si umene anthu amawapatsawo, ndipo zimandiwawa kuti mlandu wawo weniweni ankaudziwa ndi iwo okha.

Anali munthu wovuta kukhala naye. Wamtali, wowonda, jekete lomwelo la bulawuni chilimwe ndi dzinja. M'thumba lakumanja la jeketelo munkakhala zinthu zitatu zosasiyana: kolona, lezala losongolera mapensulo, ndi kagalasi kokulitsira zinthu. Ukawaona akupisa m'thumba sunkadziwa ngati akufuna kupemphera kapena aona mbozi. Kuyenda nawo mu Limbe chinali chilango. Anthu akukankhana padepoti, oitanira minibasi akukokerana akatundu athu, iwo agwada pambali pa ngalande kuyang'anitsitsa kaudzu kamene kamera pamng'alu wa simenti. Tsiku lina ndinatopa nawo, ndinawasiya n'kukalowa mumsika ndekha. Pobwera ndinawapeza akadali pompo, bondo lili m'fumbi, akujambula kaudzu kaja kumbuyo kwa envulopu. Sanazindikire n'komwe kuti ndinali nditachoka.

Zaka zawo zonse za ntchito anathera mu ofesi ina ya m'tauni ya Blantyre, pathebulo lopendekeka, akujambula mapu. Oyeza malo ankabwera ndi manambala kuchokera kumapiri, iwo n'kuwasandutsa mizere yokhotakhota ija yosonyeza pamene malo akwera ndi pamene atsetsereka. Nthawi zina akatswiri a zomera ndi a miyala ankawabwereka kuti awajambulire masamba, tizilombo ndi zigawo za nthaka zoika m'mabuku awo. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali ndi khutu, ndipo ankafunsa mpaka kutopetsa. Pofika popuma ntchito, za madzi ndi dothi ankazidziwa kuposa ena amene anapachika mapepala awo m'mafulemu.

Atapuma anayamba kujambula zawozawo, m'chipinda chimodzi chimene ankachita lendi ku Chinyonga. Mapepala abwino analibe, ndiye ankatola matumba a simenti pamalo omanga, kuwang'amba bwinobwino, kuwasita, n'kumajambulapo ndi makala a pambaula. Sizinali zithunzi zokongoletsa pabalaza. Chilichonse ankachijambula ngati achidula pakati monga timadulira papaya, kuti za m'kati zioneke. Mtengo wa mango unkakhala ndi mizu yochuluka kuposa nthambi. Tchalitchi chinali ndi chulu cha chiswe pansi pa guwa. Mtsinje wa Mudi anaujambula ndi majumbo ake onse ndi mafuta oyandama, koma ukayang'anitsitsa pansi pa madziwo unkaona nkhope za anthu okalamba zitatsinzina. Nditawafunsa kuti amenewo ndani, anati ndi eni madzi amene agogo ankawatchula, ndipo sanawachotsemo chifukwa palibe amene anawauza kuti anasamuka.

Ankatero ndithu, osaseka. Misa yoyamba Lamulungu sankajomba, mabuku a akatswiri aja ankawakhulupirira, komanso mayi awo sankawatsutsa. Makolo awo anachokera ku Mozambique, anadutsa cha ku Mulanje wapansi, ndipo mayi awowo ndi amene anawauza za Napolo, chinjoka chimene akuluakulu amati chimagona m'kati mwa phiri, ndipo chikafuna kusamuka chimatuluka ndi madzi, miyala ndi matope n'kusesa chilichonse chili panjira yake. Atsibweni ankati mayi awo, abwana a ku ofesi ndi wansembe sankakangana ayi, ankangosuzumira chinthu chimodzi pamazenera osiyana. Chimene chinkawapsetsa mtima n'chakuti anthu akale, oopa chinjoka, sankamanga m'khwawa, pamene ife opita kusukulu, oseka za chinjoka, tadzaza makhwawa onse a Blantyre ndi nyumba za malata. Ankafunsa kuti ndiye wophunzira ndani pamenepa, ndipo sankadikira yankho.

Kuyankhula kwawo kunkathera pazoterozo. Za miyala akanatha kukuchezera mpaka tiyi kuzizira, koma za mumtima pakamwa pankauma. Akazi awo, mayi a Rozina, ankati anakwatiwa ndi munthu amene pakamwa pake pali kuzala za manja ake. Pamene mayiwo ankadwala matenda amene anawatenga, ine ndinali mmodzi wa owadwazika kuchipatala. Atsibweni ankabwera tsiku lililonse, kukhala pambali pa bedi, kutulutsa pepala n'kuyamba kujambula manja a akazi awo ali pabulangete. Mitsempha yonse, mphete yomwe inali itayamba kukhwepa, zikhadabo. Tsiku lina mayiwo anatembenuza mutu n'kunena motsitsa mawu kuti, “Bambo a Rozina, manjawo mwawaona. Tandiyankhulaniko.” Atsibweni anawayang'ana, milomo inagwedezeka, kenako anapisa m'thumba n'kuyamba kusongola pensulo imene inali yosongoka kale. Ndinatuluka panja chifukwa ndikanakhala ndikanawalalatira.

Ndiye munthu wotereyu ndi amene anaona mng'alu paphiri.

Rozina anakwatiwa ndi a Mpaso, kalaliki wa pakampani ina mu Limbe, munthu waukhondo, dikoni kumpingo kwawo, wosamwa, wosamenya mkazi. Ndinenetse zimenezi chifukwa nawonso anthu awanenera zambiri. Vuto lawo linali limodzi: sankafuna kuti wina aliyense adzanene kuti akukhala mwa apongozi kapena akudyera kuchikazi. Anadzimana zaka zingapo, n'kupeza kamalo m'mbali mwa phiri la Soche, kumtunda kwenikweni kumene mitengo inali itangotha kudulidwa. Anaumba njerwa okha Loweruka lililonse. Nyumbayo itatha inali yooneka bwino, zipinda zitatu, khonde loyang'ana tauni yonse. Rozina ankati akakhala pakhonde amaona Blantyre yense ali kumapazi ake.

Atsibweni atapita kukaiona koyamba sanalowe m'nyumba msanga. Anazungulira kuseri, n'kukwera kumtunda pakati pa zitsa, jekete likukodwa m'zitsamba. Anakapeza kuti nyumbayo yakhala pakamwa pa khwawa lakale limene linakwiririka, ndipo pamwamba pake nthaka inali itang'ambika mng'alu wautali woti dzanja n'kulowa. Anakhoma msomali mbali iyi ndi wina mbali inayo, n'kuyeza ndi ulusi. Atabwerako mvula itagwa kawiri, ulusi uja sunafikenso.

Pa mwambo wathu mpongozi salowerera za m'nyumba ya mkamwini. Nkhani imadzera kwa ankhoswe, ndipo atsibweni anayesa njira imeneyo. Nkhoswe ya Rozina inawauza kuti adekhe, ana angolowa kumene m'nyumba yatsopano, Rozina ali ndi pathupi, si nthawi yowathira madzi ozizira. Inalonjeza kuti idzaitula nkhaniyo, koma sinaitule. Apa m'pamene munthu wina aliyense akanaphwanya mwambo n'kukagogoda pakhomo pa mwana wake. Iwo anabwerera ku Chinyonga n'kukasita thumba la simenti.

Chithunzicho anachibweretsa tsiku la ubatizo wa mwana wa Rozina, kamtsikana kotchedwa Chisomo. Pakhonde panali podzaza, amayi a kumpingo kwa a Mpaso atavala zoyera, akuluakulu a mpingo ali pamipando, ife tikugawa mpunga ndi nkhuku. Itafika nthawi ya mphatso, atsibweni anapereka pepala lopindidwa ngati mkeka, lomangidwa ndi ulusi. A Mpaso, mwaulemu wawo, anaitana anthu awiri kuti alitambasule aliyense aone.

Linali phiri lodulidwa pakati. Pamwamba zitsa, mizu yake itawola. Pansi pake dothi lofiira lonyowa litakhala pathanthwe loterera, timivi tating'ono tikusonyeza mmene madzi amalowera pamng'alu. Zonsezo zinali zoona ngati za m'buku. Koma pakati pa dothi ndi thanthwe, pamene madzi amayenda, anajambulapo chinjoka, thupi lake likutsika ndi khwawa lonse, mamba ake ooneka limodzilimodzi. Mutu wake unali pansi penipeni pa nyumba. Ndipo sinali nyumba wamba. Inali nyumba yomwe tinalimoyo, khonde lomwelo, zenera lomwe linali ndi galasi losweka pakona, ndipo pakhomo panaima mzimayi atabereka mwana, atavala chitenje chimene Rozina ankachikonda.

Mayi wina anaika mbale pansi n'kuyamba kupemphera chamumtima. Rozina anatenga mwana m'manja mwanga n'kulowa naye kuchipinda. A Mpaso anapinda pepalalo pang'onopang'ono, n'kunena kuti, “Zikomo, bambo. Taona.” Atsibweni anagwedeza mutu ngati munthu amene ntchito yake yalandiridwa. Ndikhulupirira kuti anapita kwawo tsiku limenelo akuganiza kuti anthu amvetsa.

Mlandu unakambidwa kunyumba kwa mayi anga patapita mlungu, ankhoswe a mbali zonse alipo. Ine ndinali wothira tiyi, ndiye ndinamva zonse. A kwa a Mpaso anati kwawo munthu sajambula khanda lili pamutu pa njoka tsiku la ubatizo, pokhapokha ngati pali chimene akufuna. Atsibweni anapempha kuti afotokoze. Anafotokoza bwino kwambiri, za zitsa, za madzi olowa pamng'alu, za thanthwe loterera, za misomali yawo iwiri ija. Akanalekera pomwepo mwina zikanatheka.

A Mpaso anawalola kumaliza, kenako anafunsa. “Bambo, ine ndamva. Koma tiuzeni chimodzi. Ndi dothi kapena ndi njoka? Ngati ndi dothi, njokayo ikutani pansi pa mkazi wanga?”

“N'chimodzimodzi,” anatero atsibweni.

“Sizingakhale chimodzimodzi. Ife ndife Akhristu.”

“Inenso ndine Mkhristu. Za dothi mukanangoti ndi nkhani za mkulu wopuma ntchito. Njokayo ndinaiikapo kuti muope.”

A Mpaso anatembenukira kwa ankhoswe. “Mwamva nokha. Akuti tiope.”

Chigamulo chinali chakuti atsibweni apepese ndipo chithunzicho chiwotchedwe anthu akuona. Anachiwotcha okha kuseri kwa khitchini ya mayi, ndi machesi awo, ndipo anaima pomwepo mpaka phulusa litazizira. Potsanzika a Mpaso ananena mawu amene anatseka khomo. Anati akanakhala kuti auzidwa bwino akanaganizapo, koma tsopano akachoka m'nyumba imeneyo anthu onse adzati dikoni wathawa njoka ya apongozi ake. Anati adzakhala momwemo kuti aliyense aone kuti Mulungu ndi wamkulu. Rozina anagwadira bambo ake potsanzika monga mwa nthawi zonse, iwo n'kumugwira dzanja, n'kulisiya.

Mvula inagwa chaka chimenecho, nyumba ili chiimire. Inagwanso chaka chotsatira, ndi chinacho. Anthu anayamba kuseka, ndipo ine ndinaseka nawo, ndisaname. Rozina sankapitanso ku Chinyonga, ndipo atsibweni sankaponda pakhomo pake. Koma mwezi uliwonse wa dzinja ankakwera phirilo podzera njira ina yakuseri, kukayeza misomali yawo, n'kutsika osaonekera. Rozina anandiuza kuti nthawi zina akamayanika zovala ankaona jekete la bulawuni pakati pa zitsa kumtunda. Ankafuna kuwaitana adzamwe tiyi, koma ankadikira kuti ayambe ndi iwo kutsika. Chisomo anayamba kuyenda, n'kuyamba kuyankhula, agogo ake akumuonera kutali.

Kenako inabwera mvula ija aliyense wa mu Blantyre akuikumbukira, yosakata usana ndi usiku, ya mphepo yozula malata. M'mawa wa tsiku lachitatu atsibweni ananyamuka ku Chinyonga wapansi, chifukwa maminibasi anali atasiya kuyenda. Sanatenge pepala. Anadzandiuza pambuyo pake kuti njira yonse ankabwereza mawu oti akanene akafika, ngati mwana amene watumidwa kugolosale. Madzi anali atadula misewu, anazungulira kutali, ndipo anafika masana. Phiri linali litatsika kale.

A Mpaso anapulumuka chifukwa m'mawa umenewo anali atatsikira kumsewu kukafuna galimoto yoti isamutse banja lawo. Anali atagonja. Anamva mkokomo ali m'munsi, ndipo pobwerera anapeza pamene panali nyumba pali msewu wa matope ndi miyala yaikulu ngati minibasi.

Ine ndinafika anthu akukumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja, pamalo pamene panali nyumbayo. A Mpaso anali m'matope mpaka m'chiuno, mawu atatha. Atsibweni anaima kumbali, madzi akutsika m'jekete, akuyang'ana kumtunda kenako kumunsi. Anayandikira okumbawo n'kunena kuti, “Pamenepo simupeza munthu.” Palibe anawamvera. Anatola chibenthu cha katoni, n'kutulutsa khala m'thumba, n'kujambula khwawa lonse mmene linkayendera lisanakwiririke, mpaka pamene limakhota pafupi ndi thanthwe lina kumunsi, patali ndithu. Pokhotapo anaikapo kamtanda. Anauza mwamuna wina amene ankatsogolera okumba kuti matope othamanga satula katundu pamene amunyamula, amakamutula pamene njira yakhota. Mwamunayo anali atatopa ndi kukumba pachabe, ndiye anatenga anzake n'kutsikira kumeneko.

Dzuwa lisanalowe anamupeza Rozina. Pafupi naye anapezanso anthu ena atatu a nyumba zoyandikana. Chisomo sanapezeke, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ndinali nditagwira mayi anga pamene ndinamva mzimayi wina kumbuyo kwathu akufunsa mnzake motsitsa mawu kuti, “Koma adziwa bwanji?” Funso limenelo linayenda m'phiri monse mtembo usanafike n'kumsewu komwe. Amene anali paubatizo anakumbukira chinjoka. Amene sanalipo anauzidwa, ndipo pouzana chinjokacho chinakula. Munthu amene anajambula imfa zaka zitatu isanabwere, n'kudzalozanso pamene mitembo yagona, kwa iwo sakanakhala munthu wamba. Mabanja atatu anaika abale awo m'manda chifukwa cha katoni ija, koma palibe limodzi limene linabwera kudzathokoza.

Pamaliro a Rozina anakhala okha pabenchi, mbali zonse ziwiri pali malo. A Mpaso sanawapatse moni. Kutchalitchi kwawo anthu sanawathamangitse, ankangosuntha pang'ono akakhala, ndipo nthawi yopatsana mtendere manja ankatanganidwa ndi mabuku a nyimbo. Padepoti oitanira anawapatsa dzina. Akamadutsa ankati, “Apatseni njira a Napolo, angatijambule.” Amayi ogulitsa tomato ku Chinyonga ankaphimba ana awo kumaso akaona kuti atulutsa pensulo. Atsibweni sanadandaule kwa aliyense, ndipo ine zinkandikwiyitsa kuti sakudziteteza.

Panali mayi wina wa ku Namiwawa, wokonda zojambula, amene kale ankaonetsa ntchito za atsibweni m'nyumba yake ya mpanda kwa alendo ake. Anali munthu wabwino ndithu, ndipo ndi yekhayo amene ankawatchula kuti katswiri. Atamva nkhaniyi anawaitanitsa, ine n'kuwaperekeza. Mlonda anatsekula geti, tinakhala pakhonde lozizira, wantchito anabweretsa madzi a zipatso. Mayiyo anapepesa za maliro, kenako anati akukonza chionetsero cha za kusintha kwa nyengo, ndipo chithunzi chowotchedwa chija chikanakhala mtima wa chionetserocho. Anapempha kuti achijambulenso, pepala labwino apereka iwo. Anati dziko liyenera kuona kuti munthu anachenjeza.

Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa mwaulemu kuti, “Mukufuna nyumba yokha, mayi, kapena ndiikemonso mwanayo?”

Atsibweni anaimirira, anathokoza chifukwa cha madzi amene sanawamwe, ndipo tinatuluka.

Chimene chinali mumtima mwawo ndinachimva kamodzi kokha. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Nancholi, m'nyumba ya m'mphepete mwa kamtsinje. Tsiku lina la mwezi wotentha, mvula isanayambe, ndinamva kugogoda. Anali iwo, thukuta lili kamukamu, m'manja mulibe kanthu. Anakana mpando. Anaima pakhomo ngati munthu wodzapempha ntchito, n'kunena kuti, “Mphwanga, ndikuopa. Nyumba ino ili pamadzi. Choka mvula isanabwere. Ndakupempha.”

Mawu amenewo anatuluka movutikira, ngati akukoka msomali m'thabwa. Ndinawakhazika pansi mokakamiza, ndipo atamwa madzi anapitiriza, akuyang'ana pansi.

“Anthu akuti ndinamulodza. Zimenezo sizindivuta, n'zabodza. Chondivuta n'china. Rozina sanandikanirepo kanthu chibadwire. Ndikanangopita n'kunena zimene ndanena kwa iwezi, akanatenga mwana n'kubwera, mwamuna wake akanatsatira. Anali mawu ochepa. Mamba a njoka ija ndinawajambula milungu itatu. Anali okongola, mphwanga. Ndinkati ndikamaliza limodzi n'kubwerera m'mbuyo kuliyang'ana. Mwana wanga ali pamng'alu, ine ndikunyadira mamba.”

Ndinafuna kuwauza kuti si choncho, kuti ankhoswe analephera, kuti a Mpaso anaumitsa khosi, kuti odula mitengo ndi ogulitsa malo nawonso ali ndi gawo lawo. Zonsezo n'zoona. Koma ndinakumbukira pensulo ija kuchipatala, ndipo sindinathe kuwatsutsa. Ndinalira, iwo sanalire. Ndinasamuka mwezi womwewo. Nyumba ya ku Nancholi ikadalipo, mukukhala anthu ena, ndipo nditawauza za madzi anandithokoza n'kupitiriza kuchapa.

Anakhalako zaka zina ziwiri. Anasiya kutola matumba a simenti, anasiya kugwada m'misewu. Chifuwa chitawagwira sanalimbane nacho. Anamwalira m'chipinda chawo chomwecho, masana, mayi anga ali pambali. Titatha maliro, pogawa katundu, jekete ndi mbaula zinapeza eni, koma mulu wa zojambula palibe anaufuna m'nyumba mwake. Mayi anati ziwotchedwe kuti nkhaniyi ithe. Ndinali pomwepo, ndinkadziwa kuti n'kulakwa, koma nanenso ndinali ndi ana m'nyumba ndi apongozi oti andifunse. Mtengo wa mango uja, tchalitchi cha chiswe, Mudi ndi nkhope zake, manja a mayi a Rozina, zonse zinapsa pa dzala la ku Chinyonga. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Titachoka kumanda Loweruka, ena atakwera minibasi, ine ndinatsikira ku Chinyonga. Sindinapiteko chaka chonse. Amayi eni nyumba anandizindikira, ndipo osafunsa chimene ndadzera anakatenga kiyi. Anati chipindacho chilibe munthu chichokereni atsibweni. Obwera kudzachiona amalowa, kuyang'ana khoma, n'kunena kuti abweranso.

Pakhomalo panali kabati masiku onse amene ndinkabwera kudzawaona, ndiye sindinkadziwa. Kabatiyo itachotsedwa m'pamene chithunzi chinaoneka. Anajambula ndi makala pakhoma penipeni, kuyambira pansi mpaka pofika dzanja. Ndi nyumba ya Rozina. Palibe phiri lodulidwa, palibe timivi, palibe chili pansi pake. Khonde, masitepe atatu, zenera, chingwe choyanikira chili ndi timadiresi tiwiri, beseni pafupi ndi khomo. Chitseko n'chotsekula, ndipo m'kati simukuoneka munthu. Amayiwo anati apakapo laimu kawiri, koma kukachita chinyezi makala amatulukanso, kuyambira pachitseko.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanapake penti yeniyeni. Anayang'ana kukhomo kaye asanayankhe.

“Ndinagula, mwanawe. Ili kuseriko. Koma kunabwera bambo wina, wovala bwino, wa tayi. Anati ndi mkamwini wa malemu. Anati zithunzi zonse za banja lake zinapita ndi matope, foni ya mkazi wake yomwe, alibe pena poonera pamene ankakhala. Anandigwadira kuti ndisapake. Amabwera Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ndimamupatsa kiyi, amakhala mpaka cha m'ma folo. Sayankhula ndi munthu.”

Anandisiya ndekha. M'chipindamo mulibe bedi, mulibe thebulo, ngakhale katani pazenera. M'makoma enawo mwatsala timabowo ta misomali m'mizere, pamene pankapachikidwa mapepala. Pakona pamene pankakhala mbaula simenti inada, ndipo fumbi la makala likadali m'ming'alu ya pansi ngakhale amayiwo amakolopa. Kunja ana ankasewera mpira, wina ankakazinga chimanga. Pakati pa chipinda pali kampando kamodzi kathabwa, kamene si ka atsibweni. Kayang'ana kukhoma, pafupi kwambiri, poti munthu atakhalapo n'kutambasula dzanja angakhudze chitseko chojambulidwa chija. Laimu wa pamenepo anayamba kufufutika ndi zala.